Musanalembe kalata yosiya ntchitoyo

Achimwene amene mwafunsa mosatchula dzina, mwati mwakhala kalaliki wa za ndalama pakampani ina ku Lilongwe zaka 7, simunakwezedwepo, malipiro amatha pa 10 pasanafike, abwana amakukalipirani pamaso pa anzanu, ndipo likafika Lamlungu madzulo mtima umayamba kugunda mukaganiza za mawa. Mukufuna kusiya, mutenge penshoni, muyambe geni. M'makomenti ena akuti siyani Mulungu aona, ena akuti pirirani ntchito ikusowa. Onsewa palibe amene adzakulipirireni lendi, ndiye tiyeni tiione bwinobwino nkhaniyi.

Mwatchula mavuto anayi osiyana ngakhale mukuwamva ngati ululu umodzi: ndalama, khalidwe la abwana, kukhala pamalo amodzi osasuntha, ndi kutopa. Kusiya ntchito kumachotsa limodzi lokha motsimikizika, la abwanalo. Atatu enawo amatha kukutsatani kumene mukupitako, n'chifukwa chake pali anthu osintha ntchito katatu m'zaka zinayi koma dandaulo lawo lili lomwe lija.

Yambani ndi kope. Kwa masiku 14, mukaweruka lembani zinthu zitatu: chimene chakuwawani lero, nthawi yake ndi amene analipo, chimene munachita mpaka kuiwala kuyang'ana wotchi, ndi maola amene munagona usiku wathawo. Osalemba kuti "tsiku linali loipa", lembani kuti "10 koloko abwana abweza lipoti osaliwerenga, alonda ndi amesenjala akumva". Masiku akakwana werengani zonse nthawi imodzi. Ngati dzina la munthu mmodzi likupezeka tsamba lililonse, vuto ndi munthuyo osati ntchito ya akaunti. Ngati mkwiyo ukukula kuyambira pakati pa mwezi n'kuzizira tsiku la malipiro, vuto ndi thumba. Koma ngati mzere wachiwiri uja uli wopanda kanthu masiku onse 14, ntchitoyo yakucheperani, ndipo ngakhale atakupatsani bwana wokoma ngati uchi mudzatopabe. Kope lomweli lidzakhala umboni nkhani ikadzafika ku leba, choncho muzilemba madeti ndipo musalisiye mudirowa ya ku ofesi.

Tsopano za lamulo, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, monga linasinthidwa mu 2010, limapereka ndalama ya chipukuta misozi kwa munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena ili pamavuto a zachuma, komanso amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira. Kawerengedwe kake nkotere: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka kupitirira pamenepo. Pa zaka zanu 7 ndiye masabata 10 kuphatikiza 6, onse 16, pafupifupi malipiro a miyezi inayi. Ngati pakampani panu pakumveka mphekesera zochepetsa anthu, kulemba kalata yosiya sabata ino kuli ngati kuwapatsa mphatso. Ndiponso mabwana ena amadziwa zimenezi, amamufinya munthu dala kuti achoke yekha.

Lamulo lomwelo limalola wantchito kuchoka popanda notisi ngati khalidwe la olemba ntchito lafika poti munthu sangayembekezeredwe kupitiriza, ndipo zikatero zimatengedwa ngati wachotsedwa mopanda chilungamo. Koma musathamangire pamenepa. Amene ayenera kusonyeza kuti zinafikadi pamenepo ndi inuyo, ndipo "abwana amandilankhula moipa" popanda kalata yodandaula, popanda deti, popanda mboni, sizipita patali. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limayenera kufika kwa ofisala wa leba wa m'boma lanu pasanathe miyezi 3. Akalephera kukugwirizanitsani nkhani imapita ku khoti loona milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Milandu kumeneko imatenga nthawi, ndiye musaiwerengere ngati ndalama ya ufa wa mwezi wa mawa.

Zina zimene lamulo limakupatsani ndipo ambiri safunsa: maola a ntchito wamba sapitirira 48 pa sabata, ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya tsiku lopuma kapena la holide imalipidwa kawiri. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 15 ogwira ntchito kwa amene amagwira masiku 5 pa sabata, ndi masiku 18 kwa ogwira masiku 6. Dzifunseni kuti munatenga liti tchuthi chathunthu. Ambiri amachidula tsiku limodzi la maliro, awiri a chinkhoswe, limodzi la kukalembetsa mwana sukulu, chaka n'kutha thupi lisanapume. Tengani masabata awiri otsatizana musanapange chiganizo chachikulu. Munthu wosagona amaona khoma pamene pali khomo.

Za kukwezedwa. Zaka 7 pa giredi imodzi, funso loyamba ndi lakuti munapemphapo mwadongosolo kapena mumangodikira kuti akuoneni. Ambiri tinaleredwa kuti wogwira ntchito bwino amaoneka yekha, koma mu ofesi wogwira bwino mwakachetechete amangomuwonjezera mafayilo. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Fufuzani kuti bajeti ya kampani imakonzedwa mwezi uti, ndipo mupemphe kukumana ndi abwana miyezi iwiri isanatsekedwe; mukapita itatha kale adzakuyankhani zoona kuti ndalama palibe. Osapita kumapeto kwa mwezi pamene onse ali pa mpanipani wotseka mabuku. Pemphani mphindi 15, mutenge pepala limodzi lokhala ndi ntchito zimene kalata yanu yolembedwera ntchito imanena, kenako zimene mukuchita panopa zomwe mulibe m'kalatamo, ndi manambala: ngongole za makasitomala zimene munalondola n'kubwera, masiku amene munachepetsa potseka mabuku, anthu amene munawaphunzitsa. Funso lanu likhale limodzi: "Bwana, chofunika n'chiyani kuti ndifike pa giredi yotsatira, ndipo tidzaonanenso liti pa nkhaniyi?" Mukatuluka tumizani imelo yaifupi yothokoza yobwereza zimene mwagwirizana. Zimene zimawononga zokambirana zoterezi ndi zitatu: kulira za lendi ndi fizi, zomwe kampani imaona ngati mavuto anu osati ake, kutchula malipiro a mnzanu, zomwe zimasandutsa nkhani kukhala yofufuza amene wakuuzani, ndi kuopseza kuti musiya pamene mulibe kolowera. Akangoti "chabwino, lembani", mwadzitchera nokha. Ngati pakatha miyezi 6 yankho likadali "tiona", limenelo ndi yankho, yambani kutumiza ma CV mwakachetechete.

Kukalipidwa pagulu, auzeni kamodzi muli awiri, tsiku limene zinthu zili bwino, kuti mukalakwitsa akuitanireni mu ofesi. Ena amasintha chifukwa palibe anawauzapo. Zikapitirira lembani kalata kwa oyang'anira antchito yokhala ndi madeti, musunge kope la kalatayo losainidwa kuti alandira. Ngati pali yuniyoni, lowani.

Pa ndalama musadziimbe mlandu wonse. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo n'kukwera motsatira. Amene malipiro ake sanasunthe mofanana anachepetsedwa malipiro ngakhale pepala silikusonyeza. Komabe tengani pepala la malipirolo muone zimene zikudulidwa. Nthawi zambiri malipiro otha pa 10 amakhala atadyedwa mwezi usanayambe ndi ngongole ya kubanki, ya ku ofesi, ya pagolosale ndi katapila. Katapila wobwereka K100,000 n'kubweza K150,000 pakutha pa mwezi palibe kukwezedwa kumene kungamugonjetse. Ameneyo ndiye woyamba kuphedwa, ngakhale zitatanthauza kugulitsa chinthu cha m'nyumba kapena kutenga ngongole ya chiwongola dzanja chochepa ku SACCO kuti mumutseke kamodzi. Lembani ngongole zonse pa tsamba limodzi, ndi chiwongola dzanja chake pa mwezi, muyambe ndi yoluma kwambiri. Ndipo muwauze akunyumba chithunzi chenicheni. Theka la kulemera kwa mtima limachokera pobisa kuti zinthu sizili bwino.

Geni ndi maganizo abwino, koma iyesedwe mukadali pa ntchito. Ipatseni miyezi 6, ikhale ndi nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, ndalama yake isasakanikirane ndi ya ndiwo. Mulembe chilichonse cholowa ndi chotuluka, kuphatikizapo thiransipoti, chiphaso cha pamsika, katundu wowonongeka ndi malipiro a amene akukhala pamalopo, ngakhale akhale mlamu wanu. Muyeso wake ndi uwu: phindu lotsala zonse zitachotsedwa likwanitse lendi, chakudya, magetsi, madzi ndi fizi miyezi itatu yotsatizana, ndipo m'miyezi imeneyo mukhale Januwale kapena Febuluwale. Geni iliyonse imaoneka yokoma nthawi yokolola ndi mu Disembala. Kuwonjezera apo mukhale ndi ndalama yosunga yokwana kudya miyezi 6. Zimene zimagwetsa ma geni a anthu apantchito n'zodziwika: kuwerenga zogulitsa ngati phindu, kukongoza anzanu a mu ofesi amene adzalipira "pa mwezi" umene sufika, ndi kusiyira wachibale amene simungamuchotse akaba. Chenjeraninso kuti geniyo isapikisane ndi kampani yanu kapena kuchitikira pa nthawi ndi pakompyuta ya abwana, chifukwa pamenepo mwawapatsa chifukwa chomveka chokuchotserani opanda kanthu.

Penshoni musaiwerengere ngati mpamba wopezeka mawa. Olemba ntchito amayenera kuika 10 peresenti ndipo inu mumadulidwa 5 peresenti, koma pali makampani amene amadula osatumiza. Pitani ku kampani yosunga penshoni yanu mukapemphe sitetimenti, muone ngati miyezi yonse ilimo; ngati mulibe, dandaulo limapita ku Reserve Bank. Mufunsenso kuti wosiya ntchito asanafike popuma amadikira nthawi yaitali bwanji ndipo amapatsidwa gawo liti, chifukwa sapatsidwa yonse tsiku lomwelo.

Za sukulu ndinene mwachidule. Musanalipire fizi, sonkhanitsani zilengezo 10 za ntchito zimene mukanakonda kufunsira, muone pepala la maphunziro limene likubwerezedwa. Kwa inu mwina ndi mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a za akaunti m'Malawi, kapena digiri yophunzira madzulo ndi kumapeto kwa sabata ku Malawi College of Accountancy kapena ku yunivesite ya MUBAS. Masatifiketi a masiku atatu a m'mahotela sasuntha munthu.

Mwafunsanso kuti kodi munthu angasangalale ndi ntchito. Angathe, koma tikuisenzetsa ntchito katundu wambiri: itidyetse, itipatse ulemu, itipatse anzathu, itiuzenso kuti ndife ndani. Ntchito zochepa kwambiri zimachita zonsezi. Bwererani ku mzere wachiwiri wa kope lija. Ngati chimene chimakuiwalitsani wotchi ndi kufufuza pamene manambala asemphana, pemphani kuti muzithandiza a oditi, ofufuza mabuku a ndalama, akabwera. Ngati ndi kufotokozera ena, pemphani kuti ophunzira ntchito azidutsa kwa inu. Ola limodzi lotere pa tsiku limasintha kakomedwe ka maola asanu ndi awiri enawo, komanso ndi zimene mudzanene pa intavyu. Kunja kwa ofesi khalani ndi chinthu chimodzi cha tsiku lokhazikika pa sabata chimene abwana alibe nacho gawo: kwaya, mpira wa Loweruka, dimba, kusunga mabuku a banki m'khonde ya kwanuko, kuphunzitsa masamu ana a Fomu 4. Chikhale chinthu chimene mumaona zotsatira zake ndi maso, poti ntchito ya mapepala imatopetsa chifukwa mwezi ukatha zonse zimayambiranso. Gulu la WhatsApp la ku ofesi lizimitseni kulira ikakwana 7 koloko usiku. Mowa wa tsiku ndi tsiku ndi kubetcha mpira zimaoneka ngati mpumulo, koma zimadya tulo ndi malipiro omwe mukudandaula nawowo.

Kugunda kwa mtima kwa Lamlungu kuja musakupeputse. Bungwe la zaumoyo la WHO mu 2019 linafotokoza kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ndi zizindikiro zitatu: kutopa kosatha, kuipidwa ndi ntchito mpaka kusasamala, ndi kuona kuti palibe chimene ukukwanitsa. Kayezetseni BP. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo simukugona, simukufuna kudya, palibe chimene chikukusangalatsani, kapena mukumaganiza zodzichotsera moyo, imeneyo si nkhani yopirira. Pitani kuchipatala cha boma mukafunse woona za matenda a maganizo, kapena ku St John of God ku Lilongwe konko, ndipo muuze munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe. Amene wagwira ntchito miyezi 12 ali ndi ufulu wa masabata 4 a matenda pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka, bola pakhale kalata ya dokotala.

Mukaona kuti kuchoka ndiye njira, tsatirani ndondomeko. Kalata ya ntchito yatsopano ikhale m'manja, yosainidwa, osati lonjezo la pafoni. Perekani notisi ya mwezi umodzi ngati mumalandira pa mwezi, kapena yotalikirapo ngati kontrakiti yanu ikutero, apo ayi adzakudulani. Kalata yosiya ikhale mizere itatu yopanda mkwiyo, chifukwa Lilongwe ndi yaing'ono ndipo olemba ntchito atsopano adzaimbira abwana omwewa. Perekani mabuku, makiyi ndi ndalama za m'kabati polemba, wolandira asaine, makamaka inu ogwira ndalama. Muwerengetse masiku a tchuthi otsala kuti alipidwe, mutenge kalata yosonyeza zaka zimene mwagwira ndi udindo wanu, ndipo mupereke nambala ya penshoni yanu ku ntchito yatsopanoyo kuti ipitirire pamene inalekezera.