Funsani Akonzi: J. T. McIntosh adamanga bwanji buku ndi nthano zitatu?

Funso: Akonzi, pamulu wa mabuku akale mumsika wa Zomba ndidagulapo buku lotchedwa One in Three Hundred, lolembedwa ndi J. T. McIntosh. Anzanga onse okonda zolembalemba sakumudziwa mkuluyu. Kodi anali yani, nanga adathera kuti?
Wophunzira, Chirunga

Yankho: Anali wolemba nthano zopeka za sayansi, ndipo dzina lake lenileni linali James Murdoch MacGregor. Adabadwira ku Paisley, m'dziko la Scotland, mu 1925, koma moyo wake wambiri adakhala ku Aberdeen komwe ankagwira ntchito ya utolankhani. Adamwalira mu 2008. Nthano yake yoyamba idatuluka mu 1950 m'magazini ya ku America ya Astounding Science Fiction, yomwe mkonzi wake anali John W. Campbell. Apa mpamene pali phunziro loyamba: munthuyu ankalembera kwawo ku Scotland koma msika wake unali kutsidya kwa nyanja, ndipo zolemba zake zinkayenda pa positi.

Buku mwagulalo lidasindikizidwa ndi kampani ya Doubleday mu 1954. Nkhani yake njakuti dzuwa latsala pang'ono kuotcha dziko lapansi, zombo zothawira ku Mars n'zochepa, ndiye mwa anthu 300 alionse mmodzi yekha ndi amene akwere. Woyendetsa chombo wapatsidwa tauni ya anthu pafupifupi 3,000 kuti asankhemo khumi. Mu 1955 adatulutsa The Fittest, momwe agalu, amphaka, makoswe ndi mbewa zapatsidwa nzeru n'kuyamba kulimbana ndi anthu. Adathandizanso kulemba nawo kanema wa Satellite in the Sky wa mu 1956.

Kuzilala kwake kudabwera pang'onopang'ono. Kampani yaikulu yomwe inkagawa magazini ku America, American News Company, idatsekedwa mu 1957, ndipo magazini ambiri a nthano za sayansi adafa m'zaka zomwezo. Kenaka cha m'ma 1960 owerenga adayamba kufuna kalembedwe katsopano, iye n'kumapitirizabe ndi kake kakale. Buku lake lomaliza, A Planet Called Utopia, lidatuluka mu 1979. Ife timaona kuti mphamvu yake inali poyambitsa nkhani ndi funso lobaya mtima. Kufooka kwake kunali pa anthu a m'nkhanimo, makamaka amayi, omwe nthawi zambiri amaoneka ngati adangoikidwamo kuti amuna awasankhe.

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ndili ndi nthano zazifupi zingapo m'kope. Ndidamva kuti McIntosh adalumikiza nthano zake n'kupanga buku limodzi. Zimatheka bwanji osaoneka zigamba?
Mphunzitsi, Domasi

Yankho: Mudamva zoona, aphunzitsi. Buku lija la One in Three Hundred ndi nthano zitatu zomwe zidayamba zatuluka payokhapayokha m'magazini ya Fantasy and Science Fiction mu 1953 ndi 1954. Yoyamba ndi ya kusankha anthu, yachiwiri ndi ya ulendo wa m'chombo, yachitatu ndi ya moyo wa ku Mars. Wofotokoza nkhani ndi mmodzi yemweyo, koma vuto limasintha gawo lililonse. Chinsinsi chagona pamenepo.

Yambani ndi kuwerenga mawu. Pa mphoto za Hugo ndi Nebula, zomwe zimaperekedwa kwa olemba nthano za sayansi, nthano yaifupi siyipitirira mawu 7,500, ndipo nkhani imatchedwa buku lathunthu ikafika mawu 40,000. Choncho nthano zitatu za mawu 3,000 sizingakwane buku, ngakhale mutazikoka chotani. Pamafunika magawo atatu a mawu pafupifupi 14,000, kapena nthano zazifupi zisanu ndi imodzi kupita m'tsogolo. Zomwe sizigwirizana ndi zinzake zisiyeni m'kopemo.

Tiyerekeze kuti mukulemba za Nyanja ya Chilwa, yomwe idaphwapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo m'nthano yanu yaphweratu osabwereranso. Gawo loyamba likhale la msodzi wa matemba wa pa Kachulu amene wauzidwa kusankha mabanja ochepa oti asamukire kumene kuli madzi. Lachiwiri likhale la ulendowo, lachitatu la mkangano wa malo kumene afikako. Amene adasiyidwa pa chilumba cha Chisi m'gawo loyamba ayenera kumvekabe m'gawo lachitatu, apo ayi owerenga adzaona kuti mwangomata nthano zosiyana.

Zolakwika zomwe timaziona kawirikawiri n'zitatu. Nthano iliyonse ikamatuluka payokha imafotokozanso chiyambi kuti wowerenga watsopano amvetse. Mukamalumikiza, chotsani kubwereza konseko, musiye kamodzi kokha. Chachiwiri ndi manambala osemphana: mwana wa zaka zisanu m'gawo loyamba n'kupezeka ali ndi zaka khumi patangotha chaka. Lembani papepala limodzi mayina, zaka, mitunda ndi masiku, muzilitsegula nthawi zonse. Chachitatu n'chovutirapo: gawo loyamba likatha mwamphamvu kwambiri, otsatirawo amazizira. Ndiye vuto la gawo lililonse lizikula kuposa la m'mbuyo, ndipo funso limodzi lisayankhidwe mpaka kumapeto.

Funso: Kodi nthano yomwe idatuluka kale m'magazini ndingayiikenso m'buku langa?
Mayi wolemba, Chinamwali

Yankho: Mungathe, mayi, malinga ngati simudagulitse umwini wonse. Olemba a nthawi ya McIntosh ankalipidwa powerenga mawu, masenti awiri kapena atatu pa liwu, kotero nthano ya mawu 10,000 inkabweretsa madola 200 mpaka 300. Phindu lenileni linkabwera nkhani yomweyo ikagulitsidwanso ngati buku lachikuto cholimba, kenaka lachikuto chofewa. Inunso musanasaine, onani kuti mgwirizano ukunena kuti magaziniyo yagula ufulu wosindikiza koyamba kokha, utchule miyezi yomwe simungaitulutse kwina, ndiponso chilankhulo chake, kuti ya Chichewa ndi ya Chingerezi muzigulitsa padera. Ngati palibe cholembedwa, pemphani kalata ngakhale yaifupi kwa mkonzi, muisunge pamodzi ndi kope la magaziniyo. Za umwini wa zolemba mungafunsenso ku bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za luso m'Malawi muno.