Khitchini yodzaza ndi ziwiya za mphatso: tiyambire pati?

Mayi wina amene amakhala m'nyumba ya lendi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe wandilembera kalata yopempha nzeru pa za khitchini yake. Akuti pa ukwati wawo zaka zinayi zapitazo, abale ndi anzake a kumpingo anamuunjikira ziwiya zambiri, ndipo kuyambira pamenepo khitchini inathina moti pophika nsima amasowa ngakhale poika mbale ya ufa. Mapoto ena adakali m'makatoni, makapu sakudziwa kuti alipo angati, ndipo usiku akayatsa getsi amaona mphemvu zikuthawira kuseri kwa kabati. Akufunsa kuti ayambire pati, komanso kuti ziwiya zimene anapatsidwa ndi apongozi angazichotse bwanji popanda kukhumudwitsa anthu.

Mayi, momwe mwafotokozeramu, ndikuona kuti khitchini yanuyo ndi yokwanira ndithu, koma mwaisandutsa nkhokwe ya mphatso. Sankhani Loweruka limene kulibe mvula, muyale mphasa pabwalo m'mawa, mutulutse chilichonse mpaka m'chipindamo mutsale makoma okha. Mukatsuka ndi kuumitsa, musabweze zonse. Mubweze zokhazo zimene dzanja lanu limagwira tsiku ndi tsiku, monga poto wa nsima, mapoto awiri a ndiwo, ketulo, mthiko, chipande, mpeni, sefa, lichero, ndi mbale zokwanira banja lanu, n'kuwonjezerapo zinayi za mlendo wobwera mwadzidzidzi. Zotsalazo muziike m'chipinda china kwa milungu iwiri, ndipo chimene mudzachisowe pophika mukachitenge. Chimene simunachikumbuke n'komwe m'masiku amenewo chilibe chifukwa chokhalira pafupi ndi moto.

Mapoto akuluakulu musawataye, chifukwa kwathu kuno maliro sauza tsiku, ndipo pa chinkhoswe kapena pa Khirisimasi mudzawafuna. Koma chiwiya chogwira ntchito kawiri pa chaka sichiyenera kulanda malo a poto wa phala la ana. Ikani wamng'ono m'kati mwa wamkulu, mukulunge ndi chitenje chakale, muwakweze pamwamba pa wadiropu. Popeza anansi adzawabwereka, lembani chizindikiro chanu ndi penti kunsi kwake, chifukwa pa maliro ziwiya zimasokonekera.

Nkhani ya mphatso ndiyo yovuta kwenikweni, ndipo ndikudziwa kuti ndi imene yakugwirani manja zaka zonsezi. Ambiri a ife tinakula tikuona mbale zokongola zikukhala m'kabati yagalasi kudikira alendo, pomwe eni nyumba akudyera m'mbale zopindika ndi makapu othyoka zogwirira. Ine maganizo anga ndi akuti mphatso ya apongozi muilemekeze poigwiritsa ntchito. Tulutsani mbale zawozo m'katoni zikhale zodyera masiku onse, ndipo zakale zong'aluka ndi zopanda zivundikiro ndizo zichoke. Apongozi akabwera n'kupeza nsima yawo ili m'mbale imene anagula okha, mtima wawo udzakondwa kuposa kumva kuti mwaisunga bwino pansi pa bedi. Zina zimene munalandira zofanana zitatu kapena zinayi, perekani kwa mng'ono wanu amene akuyamba kukhala payekha, kapena kwa amayi a kumpingo kwanu, kaya ndi a Mvano kaya gulu lina, chifukwa iwo amaphikira anthu ambiri kawirikawiri ndipo ziwiya siziwakwanira. Chenjerani kokha ndi kupereka mphatso yakale pa ukwati wina. Ine ndinachitapo zimenezi ndi fulasiki ya tiyi, osadziwa kuti mayi amene anandipatsa ndi amene akulemba mphatso patebulo tsiku limenelo. Anaitembenuza, naona kadontho ka penti kamene kanali pachivundikiro kuyambira kale, nandiyang'ana osanena kanthu, ndipo manyazi ake ndikuwamvabe mpaka lero.

Pali katundu wina amene palibe anakupatsani, koma anadzikundika yekha, ndiye zidebe za majarini, mabotolo a mafuta ophikira ndi majumbo. Sungani zidebe zochepa zokhala ndi zivundikiro zake, zotsalazo mupatse amayi ogulitsa pamsika. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo Khothi Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe majumbo akupezekabe m'khitchini zathu, atapanikizidwa kuseri kwa chitseko. Mukamapita kumsika ndi dengu kapena chikwama cha nsalu, muluwo sudzakulanso. Makatoni aja nawonso achoke tsiku lomwelo, chifukwa mphemvu zimakonda kubisala ndi kuswana m'mipata ya makatoni, makamaka pamalo a mdima ndi ofunda. Mukathira mankhwala makatoni adakali momwemo, pakapita milungu yochepa zimabwereranso.

Tsopano za chakudya. Ufa ukabwera kuchokera ku chigayo umakhala wofunda, choncho uyanikeni kaye uume ndi kuzizira musanauike m'ndowa yovundikira bwino, apo ayi umachita mibulu ndi kununkha. Musathire ufa watsopano pamwamba pa wakale. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lisagone pasimenti kapena kutsamira khoma, koma likhale pamatabwa oikidwa panjerwa, kuti chinyezi chisalowe komanso kuti muzitha kusesa pansi pake ndi kuona msanga ngati anankafumbwe kapena makoswe ayamba. Mtedza ndi chimanga zimene zachita chuku muzitaye osamva chisoni, chifukwa chukucho chimatulutsa poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa. Usipa, mfutso, nsinjiro ndi nyemba zimakhala bwino m'mabotolo oonekera m'kati, poti mukaziona simugulanso zimene muli nazo kale. Soda ndi mchere zilembedwe maina, pakuti mwana wotumidwa madzulo magetsi atazima sasiyanitsa.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kukhala m'khitchini ngakhale malo atakhalapo. Mankhwala a makoswe, mankhwala othira m'chimanga ndi parafini zikhale kutali ndi chakudya, pamalo okwera amene mwana sangafikepo, ndipo parafini asaikidwe m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Thumba la makala likhale pakhonde, ndipo mbaula yoyaka isakhale m'chipinda chotseka mazenera, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu mwakachetechete. Madzi akumwa akhale m'ndowa yakeyake yovundikira, ndi kapu imodzi yotungira imene palibe womwera. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chiyambire nthawi imeneyo ine ndowa ya madzi akumwa sindiiikanso pansi pafupi ndi ya madzi otsukira mbale.

Pobwezeretsa ziwiya, imani pamalo amene mumaima pophika nsima, mutambasule dzanja. Ufa, mthiko, chipande ndi mchere zikhale pomwe dzanjalo likufika popanda kusuntha phazi, zolemera zikhale m'munsi, mipeni ikhale m'mwamba. Khoma nalonso ndi malo, ndipo thabwa limodzi lokhala ndi misomali isanu ndi umodzi limanyamula mithiko, sefa ndi lichero, n'kusiya tebulo lopanda kanthu. Popeza nyumbayo ndi ya lendi, muyambe mwapempha eni ake musanakhome msomali. Ngati pabwalo pali kampata, mupemphenso chilolezo choimika kathandala, kuti mbale zikatsukidwa ziziuma ndi dzuwa zisanalowe m'nyumba.