Yankho: Kodi unamwino anauyambitsa ndi Florence Nightingale?

Achemwali, mwafunsa ngati Florence Nightingale ndiye anayambitsa unamwino, ndiponso ngati kalelo namwino ankapita kusukulu. Ayi, sanayambitse iyeyo. Kwa zaka mazanamazana odwala ankasamalidwa ndi abale awo komanso masisitere. Mu 1836 m'busa Theodor Fliedner anatsegula malo ophunzitsira amayi kusamalira odwala ku Kaiserswerth, m'dziko la Germany, ndipo Nightingale yemweyo anakaphunzirako mu 1851.

Mbiri yake inamveka mu 1854, pamene anapita ku Scutari, m'dziko la Turkey, ndi amayi 38 kukasamalira asilikali a Britain pa nkhondo ya ku Crimea. Kumeneko asilikali ambiri ankafa ndi kolera, kamwazi ndi matenda ena a uve, osati mabala akunkhondo. Iye anakakamira ukhondo, chakudya chabwino ndi kulemba chiwerengero cha omwalira. Ineyo ndimamulemekeza chifukwa cha ziwerengerozo kuposa nyali imene ankayenda nayo usiku poyendera odwala, yomwe anthu amakonda kutchula, poti ndi zimene zinachititsa manyazi akuluakulu a boma la Britain. Mu 1860 anatsegula sukulu pa chipatala cha St Thomas ku London, komwe ophunzira ankatha chaka chimodzi, nthawi yambiri ali m'mawodi.

Lamulo loti anamwino azilembetsa m'kaundula linabwera pambuyo: New Zealand mu 1901, Britain mu 1919. Masiku ano m'maiko ambiri maphunziro amatenga zaka zitatu kapena zinayi, kusinthanitsa kalasi ndi chipatala, kenaka mumalembetsa ku bungwe loyang'anira anamwino musanayambe ntchito. Konzekerani kuchezera usiku m'wodi mudakali wophunzira.