Princeton imapeza bwanji osewera, nanga ikuwasunga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakhala ku New Jersey ndipo amakonda kukaonera basketball ku Jadwin Gymnasium, bwalo la yunivesite ya Princeton. Funso lawo, mwachidule, ndi ili: popeza sukuluyi imangolandira ana okhoza kwambiri m'kalasi, mphunzitsi Mitch Henderson amawapeza bwanji osewera, ndipo kodi timu imene inadabwitsa anthu mu 2023 ingafikenso pamene inafika paja?

Bambo, yankho langa ndi lakuti kupeza osewera ndi kovuta koma kumatheka, ndipo chimene chikuisautsa Princeton masiku ano ndi kuwasunga akapsa.

Princeton ili mu Ivy League, gulu la mayunivesite 8 momwe mulinso Harvard ndi Yale, ndipo gululi silipereka sikolashipu chifukwa cha masewera. Mnyamata woponya bwino mpira amathandizidwa fizi molingana ndi kapezedwe ka makolo ake, chimodzimodzi mnzake amene sanagwirepo mpira chibadwire. Zimenezi sizoopsa monga mmene zikumvekera, chifukwa kuyambira 2023 mabanja ambiri amene amapeza madola osapitirira 100,000 pachaka salipira kalikonse ku Princeton. Amene amavuta kukopa ndi ana a mabanja opeza bwinoko, omwe makolo awo amafunsa chifukwa chimene alipirire fizi pomwe sukulu ina ikumuitana mwanayo kwaulere.

Kenako pali sefa ya maphunziro yotchedwa Academic Index, nambala imene amawerengera kuchokera pa zotsatira za mwana kusekondale ndi mayeso olowera kukoleji. Mphunzitsi akhoza kumusirira mnyamata chaka chonse, koma amene amavomereza ndi ofesi yolemba ophunzira, yomwe ikakhutira imamutumizira kalata yomudziwitsa kuti mwayi wake wotengedwa ndi waukulu. N'chifukwa chake Henderson sapikisana ndi sukulu zotchuka pa basketball monga Duke kapena Kentucky pa anyamata amene dziko lonse likuwathamangira. Amafunafuna amene ena sanawaone. Tosan Evbuomwan anachokera ku Newcastle, ku England, kutali ndi maso a aphunzitsi a ku America, ndipo mu 2022 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa kasewero ka Princeton ndiko kamafotokoza chifukwa chimene kuchoka kwa wosewera kumapwetekera kuposa kwina. Mu 1996, Henderson yemweyu ali wosewera wa mphunzitsi Pete Carril, Princeton inagonjetsa UCLA, akatswiri a chaka cham'mbuyo, ndi mapointi 43 kwa 41 mumpikisano waukulu wa makoleji a dziko lonse umene umayamba mu March. Masekondi atatsala ochepa, Steve Goodrich anagwira mpira chapakati, Gabe Lewullis ananamizira kutuluka panja, womulondera atamutsatira iye n'kutembenuka kuthamangira kuseri kwake, mpira n'kumupeza pansi pa dengu. Kuti zoterezi zitheke, woponya ndi wolandira amayenera kudziwana mpaka kuwerengana mapewa, ndipo kudziwana kotere kumatenga zaka. Timu ya 2023, imene mumpikisano womwewo inaikidwa pa nambala 15 mwa matimu 16 a m'gulu lake koma n'kugonjetsa Arizona 59 kwa 55 ndi Missouri 78 kwa 63 isanagonje kwa Creighton, inali ndi anyamata okhwima oterowo, Evbuomwan akugawa mipira ataima chapakati pomwepo.

Zakazo ndi zimene zikusowa tsopano. Kuyambira 2021 wosewera wapakoleji amaloledwa kulandira ndalama chifukwa cha dzina lake, komanso akhoza kusamukira sukulu ina osakhala pansi chaka chathunthu monga zinalili kale. Mu 2025, pamene sukulu zikuluzikulu zinayamba kugawana ndalama ndi osewera mwachindunji, Ivy League inakana kulowa nawo. Zotsatira zake mwaziona nokha: Danny Wolf anachoka ku Yale kupita ku Michigan mu 2024 ndipo chaka chotsatira timu ya mu ligi yaikulu ya NBA, Brooklyn Nets, inamutenga, Malik Mack anasiya Harvard kupita ku Georgetown, ndipo Xaivian Lee, amene ankayendetsa mpira ku Princeton, anapita ku Florida mu 2025 timuyo itangotenga chikho cha dziko lonse. Ine sindiwaimba mlandu anyamatawa, ngakhale digiri ya ku Princeton si chinthu chotaya mwachibwana.

Palinso lamulo lina limene ndimaliona kuti ligiyi imadzipweteka nalo yokha: amene wamaliza digiri yoyamba saloledwa kusewera. Ryan Langborg atamaliza maphunziro mu 2023 anakasewera chaka chake chotsala ku Northwestern, ndipo Caden Pierce, wosewera wopambana mu ligi mu 2024, anasankha kusasewera nyengo ya 2025-26 kuti amalize digiri ku Princeton koma asunge chaka chimodzi chokasewera kwina. Kutseka mabowo otere ndi osewera ochokera sukulu zina n'kovuta, popeza Princeton imalandira ophunzira osamuka ochepa zedi.

Choncho mukamaganizira osewera asanu oyamba kulowa m'bwalo, musatengeke ndi mbiri ya anyamata atsopano. Werengani kaye amene abwerera ali m'chaka chachitatu ndi chachinayi, makamaka ngati pali woyendetsa mpira wozolowera ndi wamtali wodziwa kupatsira anzake, chifukwa popanda awiriwa kasewero kaja kamasanduka kungozunguza mpira panja. Timu ikataya anthu ngati Lee ndi Pierce nthawi imodzi, anyamata a chaka choyamba amasewera mphindi zambiri asanakonzeke, ndipo muyembekezere kugonja kowawa m'miyezi ya November ndi December.

Chotonthoza n'chakuti khomo lolowera mpikisano waukulu wa March silinatsekeke. Kuyambira 2017 matimu anayi apamwamba mu Ivy League amakumana kumapeto kwa nyengo, ndipo wopambana masewero awiri amapita. Kufika pa anayiwo Henderson, amene wakhala pampandowu kuyambira 2011, angathe zaka zambiri. Chopinga chenicheni ndi Yale ya James Jones, amene wakhalapo kuyambira 1999, anagonjetsa Auburn mumpikisano waukuluwo mu 2024, ndipo Wolf atachoka anatenganso ligi chaka chotsatira.