Mfuti ya mnzakoyo isalowe m'nyumba mwako khoti lisanalankhule

Mdzukulu wanga, funso lako ndalimva. Ukuti boma la Illinois, komwe ukukhala, linaletsa mu Januwale 2023 kugula ndi kugulitsa mfuti zonga AR-15, zija zooneka ngati zankhondo, n'kulamula kuti amene anali nazo kale azilembetse kupolisi. Ukuti anzako akuntchito anakana kulembetsa, ati lamulolo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko la America, ndiye munthu waufulu sayenera kulimvera. Tsopano mmodzi mwa iwo akufuna kukugulitsa yake mwakachetechete, ndipo iwe ukufunsa ngati ungalandire popeza unakhala nzika ya kumeneko.

Usalandire. Koma usaganize kuti ndikuwayesa opusa anzakowo. Ndime yachiwiri ya zosintha za malamulo awo aakulu, imene amaitcha Second Amendment, ilipodi kuyambira 1791, ndipo imanena za ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida. Khoti lalikulu la dzikolo lagwetsapo malamulo a mfuti kangapo: mu 2008 lamulo la mzinda wa Washington, mu 2010 la Chicago pafupi nawe pomwepo, mu 2022 la New York. Munthu amene akuti lamulo la Illinois lingadzagwe tsiku lina sakulota.

Chimene anzako sakukuuza ndi mmene malamulowo anagwera. Dick Heller anali mlonda wonyamula mfuti pantchito yake yolondera nyumba ya boma ku Washington, koma lamulo la 1976 linkamuletsa kusunga mfuti yam'manja kunyumba kwake. Sanaibise m'denga. Anapita ku ofesi kukapempha kuti ailembetse, anamukana, iye n'kutenga kukanidwa komweko kupita nako kukhoti. Odandaula analipo asanu ndi mmodzi, koma amene mlandu wake unapitirira ndi iye yekha, chifukwa ndi iye amene anali ndi umboni woti anapempha n'kukanidwa. Otis McDonald wa ku Chicago anali nkhalamba yakuda yopuma pantchito, mbava zitamuthyolera nyumba kangapo. Munthu wotere ndiye anali ndi chifukwa chenicheni chogulira mfuti kuseri, komabe anadikira majaji. Ufulu umene anzako akuunyadira lero anaupeza ndi anthu amene anamvera lamulo limene ankadana nalo, uku akulimenya kukhoti.

Ndipo ngakhale pa mlandu wa Heller, majaji anagawanika, asanu kwa anayi. Jaji Antonin Scalia, amene analemba chigamulo chopambanacho, ananena yekha kuti ufuluwu uli ndi malire ake. Taona za Zackey Rahimi wa ku Texas. Khoti linali litamulamula kuti asayandikire mayi wa mwana wake chifukwa cha nkhanza, ndipo lamulo la dziko limaletsa munthu wotere kukhala ndi mfuti. Anapezeka nazo. Maloya ake anati lamulolo n'losemphana ndi malamulo aakulu, khoti la apilo n'kuvomereza mu 2023. Chaka chotsatira khoti lalikulu linatembenuza chigamulocho, majaji asanu ndi atatu kwa mmodzi. Ngati majaji a apilo, anthu amene anakalambira m'mabuku a malamulo, angaweruze motsimikiza kenako n'kuuzidwa kuti aphonya, mnzako wa pa shifiti ya usiku akudalira chiyani?

Lamulo la kwanuko ndiye likukokedwa uku ndi uku. Khoti lalikulu la Illinois linalivomereza mu Ogasiti 2023. Mu Novembala 2024 jaji wina wa khoti la dziko kum'mwera kwa Illinois anati n'losemphana ndi malamulo aakulu, koma khoti la apilo linaimitsa chigamulo chakecho, lamulo n'kupitiriza kugwira ntchito. Wapolisi akadzakuimitsa pamsewu sadzafunsa kuti mwa majajiwa iwe ukugwirizana ndi uti.

Ukuti masherifu ambiri, akuluakulu a polisi a m'maboma ang'onoang'ono a Illinois, analengeza kuti sadzamanga munthu pa lamuloli. Zoona, analengeza. Koma sherifu ndi munthu wochita kuvoteredwa, nthawi yake ikatha pamabwera wina. Iye akatseka maso, apolisi a boma la Illinois alipo, oimira boma pamilandu alipo, ndipo ukangodutsa malire kulowa m'dera la sherifu wina lonjezo lija latsala m'mbuyo. Mlandu suola, mdzukulu wanga. Mfuti yogula mobisa imakhala phee zaka zisanu, kenako tsiku limene mwakangana ndi mkazi wako neba n'kuitana apolisi, kapena tsiku limene mbava zaiba n'kukaphera munthu, ndi pamene imatulukira poyera ndi dzina lako.

Mayi wina wa ku Philadelphia, Shaneen Allen, sanafune n'komwe kuswa lamulo. Anali ndi laisensi ya mfuti ya ku Pennsylvania, koma mu 2013 anawolokera ku New Jersey kumene laisensiyo sigwira ntchito. Atamuimitsa pamsewu, iye yekha anauza wapolisi kuti ali ndi mfuti. Anamumanga, anagona m'chitokosi masabata angapo, ndipo chinkamudikira chinali chilango cha zaka zoposa zitatu kundende. Anapulumuka chifukwa nkhani yake inamveka dziko lonse, mpaka bwanamkubwa wa New Jersey, Chris Christie, anamukhululukira mu 2015. Amene nkhani zawo sizifika m'nyuzipepala salandira chikhululukiro chotere. Komanso dziwa kuti kumeneko ukapezeka wolakwa pa mlandu waukulu, wa chilango choposa chaka, lamulo la dziko limakulanda ufulu wokhala ndi mfuti iliyonse, ngakhale yosakira agwape. Wofuna kuteteza ufulu wake njira imeneyi amathera pomwe ufuluwo wautaya wonse.

Ndikudziwa chimene ukufuna kundiyankha, poti ana a sukulu inu simusowa mawu: kodi agogo, Rosa Parks, mayi wakuda uja anakana kusiyira mzungu mpando m'basi, sanaswe lamulo mu 1955? Martin Luther King sanagone m'ndende ya Birmingham mu 1963 polimbana ndi tsankho? Anaswa, ndipo anachita bwino. Sindine wa anthu amene amati lamulo lililonse n'loyera. Ife a msinkhu wathu tinakhalapo m'Malawi mmene munthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, zonsezo zili m'malamulo, ndiye pa zimenezi sindifuna mphunzitsi. Koma anthu awiriwa anaswa lamulo masana dzuwa likuswa mtengo, dzina lawo likudziwika, ali okonzeka kulandira chilango kuti dziko lichite manyazi. King anaphunzitsa zomwezo, kuti woswa lamulo loipa aswe poyera ndipo avomere ndende. Mnzakoyo akufuna mfuti isinthe manja m'galimoto madzulo popanda pepala. Ndiye wayesa lamulo pati, popeza jaji sadzamva n'komwe? Akadakhala wotsimikiza mtima, bwenzi atapita nayo kupolisi ndi loya wake kuti amumange, mlandu ukafike kumwamba. Ndipo pali kusiyana kwina kumene sindingakudumphe. Mpando wa m'basi umene Rosa Parks anakana kuchokapo sukanapha mwana wa munthu. Lamulo la Illinois linabwera anthu asanu ndi awiri ataphedwa pa chikondwerero cha pa 4 Julaye 2022 ku Highland Park, m'boma lanu lomwelo. Kaya lamulolo analilemba bwino kaya analakwitsa, ena mwa aneba ako analipempha akulira maliro, ndipo nawonso ndi nzika ngati iwe.

Tsono pali mawu amene mzungu wakuntchito kwako sangakuuze, chifukwa sanavalepo khungu lako. Philando Castile anali ndi laisensi yonyamula mfuti ku Minnesota. Mu Julaye 2016 wapolisi anamuimitsa, iye n'kunena mwaulemu kuti ali ndi mfuti, ndipo anawomberedwa ali pampando wa galimoto, bwenzi lake ndi kamwana ali momwemo. Wapolisiyo khoti linam'peza wosalakwa. Uyo anali ndi mapepala onse. Iwe ukufuna kuyenda wopanda pepala, ndi kalankhulidwe kako kosonyeza kuti sunabadwire komweko. Mukadzagwidwa awiri, usayembekeze kuti muyeso udzakhala umodzi.

Ngati lamuloli likukuwawadi, njira zilipo ndipo n'zotseguka kwa iwe kuposa mmene zinaliri kwa ife. Mabungwe amene akulitsutsa kukhoti amalandira mamembala ndi zopereka. Uli ndi voti, kavotere amene akulonjeza kulisintha. Ngati vuto ndi chitetezo cha banja, tenga khadi la FOID limene Illinois imafuna kwa aliyense wosunga mfuti, ugule yololedwa kusitolo yovomerezeka, uphunzire kagwiridwe kake, uitsekere m'bokosi lachitsulo limene ana sangatsegule. Koma uyambe wakhala pansi ndi mayi a kunyumba kwako, chifukwa nyumbayo ndi yawonso, ndipo chinthu chotere sichilowa pakhomo mwini khomo wina asakudziwa.

Msuweni wako uja ali pa viza ya sukulu umuuze mosapita m'mbali kuti nkhani yonseyi siyake. Lamulo la dziko limaletsa anthu a maviza osakhalitsa kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama, ndipo amene mapepala ake anatha ndiye saloledwa m'pang'ono pomwe. Iyeyo akapezeka nayo, pamwamba pa ndende pali kuthamangitsidwa m'dzikomo. Ngakhale anzake amuitanire kokaphunzira kuwombera Loweruka, ayambe wafunsa loya wodziwa za anthu olowa m'dziko asanagwire chilichonse.