Kodi lamulo limateteza makompyuta a magetsi ndi madzi?

Funso: Akonzi, ndili ndi chigayo ku Balaka, ndipo mayunitsi a magetsi ndimagulira pafoni. Kodi akuba a pa intaneti atasokoneza makompyuta oyendetsera magetsi kapena madzi, lamulo lingawagwire?

Yankho: Bambo, lamulo lilipo, la 2016, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Kulowa m'kompyuta ya eni popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo pansi pa MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti, pali nthambi ya Malawi CERT yolondera zoterezi. Nkhawa yanu ndi yomveka. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza aphungu kuti achiwembu a pa intaneti alanda ulamuliro wa makompyuta osindikizira mapasipoti, akufuna dipo. Chondivutitsa ine n'chakuti ambiri mwa akubawa amakhala kunja, kumene apolisi athu sangafike okha. Inuyo, nambala yachinsinsi ya foni yanu musauze aliyense.