Ndimalimbikira koma sizikusintha: kodi Mulungu amaliona thukuta langa?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wopalasa njinga ya kabaza. Mwachidule akuti: "Ndimalawirira kusanache, ndimafika pakhomo ana atagona, koma mwezi ukamatha m'thumba mulibe kanthu. Lamulungu lapitali abusa analalikira kuti wosagwira ntchito asadye, nati umphawi ndi mwana wa ulesi, ndipo wodalitsidwa ndi Mulungu amaonekera pa chuma. Kodi ine ndine waulesi? Nanga ngati thukuta langali silindilemeretsa, lili ndi phindu lanji pamaso pa Mulungu?"

Achimwene, sindinu waulesi, ndipo mawu amene abusa anawerengawo sakunena za inu. Ali pa 2 Atesalonika 3:10, ndipo akunena za munthu wokana ntchito dala. Vesi lotsatira likuwafotokoza anthuwo: abale amene anasiya ntchito n'kumangozungulira m'makomo, kulowerera za eni, uku akudya za anzawo. Paulo amene analemba mawuwa ankasoka mahema, ndipo ku Korinto ankasokera limodzi ndi Akula ndi Priskila. Munthu wolimbikira chonchi analemera? Werengani 1 Akorinto 4:11-12. Akuti ankamva njala ndi ludzu, ankasowa zovala ndi pokhala, uku akugwira ntchito ndi manja ake. Chuma chikadakhala muyeso wa madalitso, Paulo akadalephera mayeso amenewo.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landigwira mtima. Ambiri timaganiza kuti ntchito ndi chilango cha Adamu, koma Genesis 2:15 akuti Mulungu anaika munthu m'munda wa Edeni kuti aulime ndi kuusamala, ndipo apa n'kuti tchimo lisanalowe. Chimene chinadza pambuyo pa tchimo ndi minga, nthaka youma mtima ndi kudya movutikira. Ntchitoyo payokha Mulungu anatipatsa ngati ulemu. Yesu anayamba kulalikira ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo anthu a ku Nazarete ankamudziwa ngati mmisiri wa matabwa. Zaka zambiri za moyo wake pansi pano zinathera pa ntchito yamanja, m'banja limene popita naye ku Kachisi ali khanda linapereka mbalame ziwiri, nsembe imene lamulo linkaloleza osauka. Palibe pamene tikuwerenga kuti ukalipentala unalemeretsa banja limeneli, komanso palibe amene angayerekeze kunena kuti Mulungu anali atalifulatira.

Tsono taganizani za anthu amene mumanyamula. Mayi amene mwana wake watentha thupi, ndipo chipatala chili kutali. Agogo amene sangathe kusenza thumba la chimanga kupita kuchigayo. Mtsikana amene akadachedwa kusukulu. Mukamakwera nawo chitunda mwendo ukuphwanya, mukukonda mnansi wanu ndi thupi lanu lenilenilo, ngakhale akulipireni pofika. Kulipidwa sikuchotsa utumikiwo. Mawu a pa Akolose 3:23, oti chilichonse tichite ndi mtima wonse ngati tikuchitira Ambuye, Paulo anayamba kuwauza akapolo, anthu amene analibe chiyembekezo cholemera ndi ntchito yawo. Ngati Ambuye ankalandira ntchito ya kapolo ngati yochitira Iwo, ya kabaza angaikane bwanji? Ndiye mukamanena mtengo woona kwa mlendo amene sadziwa njira, mukamabweza chenji chonse, mukamasamala mabuleki poti mwanyamula moyo wa munthu, mukupembedza, ngakhale pa siteji palibe woimba nyimbo.

Sindikunyoza khama. Makolo anati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa, ndipo buku la Miyambo limatuma waulesi kukaphunzira kwa nyerere. Waulesi alipo, tonse timamudziwa. Koma Baibulo lomwelo, pa Mlaliki 9:11, likuvomereza kuti si nthawi zonse wothamanga amapambana mpikisano, kapena wanzeru amapeza chakudya. M'mwezi wa Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ufa, sopo, tayala ndi tcheni zinakwera, pamene okwera akunenererabe mtengo chifukwa nawonso zawathina. Zimenezo simunazichititse ndinu podzuka mochedwa.

Apa ndi pamene ulaliki wa mtundu umenewu umandipweteka, chifukwa umadzudzula wantchito n'kusiya womulemba ntchito atakhala phee pa mpando wakutsogolo. Deuteronomo 24:15 akulamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, poti mtima wake uli pa ndalamayo. Yakobo 5:4 akuti malipiro amene eni minda anamana okolola akufuula, ndipo kulirako kwafika m'makutu mwa Ambuye. Ife a Malawi nkhaniyi si yachilendo. Mbusa John Chilembwe, amene anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, ankaphunzitsa anthu ake sukulu, ulimi ndi kudzidalira. Yemweyo ndi amene anatsutsa thangata, ntchito imene anthu ankakakamizidwa kugwira ngati lendi ya malo m'maesiteti a azungu, monga a A.L. Bruce ku Magomero. Za njira imene anatsata mu Januwale 1915, poukira atsamunda ndi zida, Akhristu angasiyane maganizo, koma anaona bwino kuti kulemekeza ntchito n'kulemekezanso woigwira. Amene ali ndi mlonda, wantchito wapakhomo kapena wowapalirira munda, n'kumamuuza kuti "ubwere mawa" mwezi ndi mwezi, Yakobo akunena za iwo.

Chimodzi chokha ndikudandaulireni, achimwene: mwati ana mumawapeza atagona. Salimo 127:2 likuchenjeza za kulawirira, kugona mochedwa ndi kudya chakudya cha nkhawa, ndipo lamulo la Sabata linapumitsa ngakhale wantchito, ng'ombe ndi bulu. Ndikudziwa kuti kwa munthu wopeza za lero lomwelo, tsiku losapalasa limaoneka ngati tsiku la njala, ndiye sindikulamulani kanthu. Koma mawondo anuwo ndiwo mpamba wanu, ndipo akatha palibe sitolo yogulitsa ena. Ngati tsiku lathunthu silitheka, yambani ndi masana a Lamulungu, njinga itsamire khoma, mudye nsima limodzi ndi ana.

Za abusa, musawasungire chakukhosi kapena kuthawa mpingo mwakachetechete. Mwina polalikira ankaganiza za anyamata ongokhala pa bawo tsiku lonse, osadziwa kuti mawuwo alasa inu. Kawapezeni pa awiri, mwaulemu, muwauze mmene tsiku lanu limayendera ndi ndalama imene imatsala mukachotsa ya ufa ndi yokonzetsa njinga. Kenako muwapemphe kuti tsiku lina adzalalikirenso chaputala 5 cha Yakobo, olemba anzawo ntchito ali momwemo.